Chigamba

Atate anga anasoka zigamba zaka makumi asanu
pa khonde la sitolo ku Kapata,
phazi lamanja likupalasa makina,
mano akudula ulusi.
Mwendo womwewo ndi umene njinga ya makala inaswa
pa mtsetse wa ku Mchini,
ndipo chilonda chinakana kutseka pakamwa.
Miyezi inayi, fupa likusuzumira kunja
ngati mlendo wosowa pobisala.

Dokotala Miti anati njira zilipo ziwiri:
kudula pansi pa bondo,
kapena kutenga mnofu wa pa ntchafu pamodzi ndi mitsempha yake,
kuusamutsa, kukaulumikiza pa msongolo
kuti magazi auzolowere mudzi watsopano.

Achimwene a Lameki anatuma foni kuchokera ku Kitwe.
"Zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi!
Munthu wotere mankhwala ogonetsa amangomupitiriza.
Nsalu yakale sigwira ulusi, Tilyenji, umadziwa."

Ndinakafunsa zomwezo, mawu akunjenjemera.
Dokotala anavula magalasi.
"Ife sitiwerenga zaka za pa chitupa zokha.
Timvera mtima, tiyeza impso ndi shuga,
tifunsa ngati chitunda cha ku tchalitchi amakwera okha.
Ndaonapo a zaka makumi anayi okalamba kuposa awa.
Koma sindikunamizani:
maola asanu ndi awiri ali chigonere ndi ulendo wautali,
ndipo chigamba nthawi zina chimafa."

Atate anafunsa chimodzi chokha:
"Ulusi wake ndi nambala yanji?"
Dokotala anatola tsitsi pa phewa langa.
"Wochepa kuposa ili. Singano yake
sitiiona popanda galasi lokulitsa."
Atate anaseka mpaka kutsokomola,
natenga cholembera, nalemba okha: Y. Shawa.

Tsikulo ndinakhala pa benchi ya simenti
kuyang'ana mthunzi wa phiri la Kanjala ukukwawa.
Vitumbuwa vinazizira m'chikwama.
Chitseko chilichonse chikalira, ndimaimirira.
Sindinapemphere bwino. Ndimangoti, gwirani, gwirani,
osadziwa ngati ndikuuza Mulungu kapena mtsempha.

Usiku Sisita Daka amabwera ola ndi ola
ndi tochi ndi kamakina kokwana m'dzanja.
Akakagunditsa pa chigamba, tonse chete,
kenaka: shuu, shuu, shuu,
magazi akuwoloka pa mlatho wa tsitsi.
Ine ndimamva makina a ku Kapata
akusoka mayunifolomu mu Januwale.

Usiku wachitatu atate anasokonezeka.
Anandiitana dzina la malemu amayi,
anafuna choko, tepi, lumo,
ati diresi la ukwati likufunika Loweruka.
Ndinagwira manja awo kuti asazule machubu
ndipo mumtima ndinati, a Lameki ananena.
Mbandakucha anagona.
Atadzuka anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Tilyenji, tiyi wa kuno alibe shuga."
Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Tsiku lakhumi anamasula mabandeji.
Chigamba chinali chotuwirako, chotupa ngati banzi,
chofunda.
Atate anavala magalasi awo omanga ndi waya,
chala chikuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msoko
monga amachitira ndi buluku la wophunzira.
"Mtundu wa nsalu sunafanane," anatero.
Dokotala anadikira, manja m'thumba.
"Koma msoko wawongoka.
Mtsikana uyu ndikanamulemba ntchito."

Pa bedi la pafupi panali agogo ena a ku Katete
amene mtima wawo sunalole mpeni.
Anawatumiza kwawo ndi mapilitsi.
Sindiiwala m'mene anatiwombera m'manja potuluka.

Tsopano atate amafika pa chipata ndi ndodo,
masitepe makumi awiri, kupuma, kubwerera.
Akagona, phazi lija limapalasabe pansi pa bulangete.
Dzulo basi ya ku Kitwe yabweretsa phukusi,
lopanda kalata.
Nsapato zakuda, nambala seveni.
Ziwiri.